Nyundo, Njerwa ndi Kombi: Mbiri ya Galafu ya Mphamvu ndi Nthawi

Tengani nyundo yolemera kilogalamu imodzi, muikhazike bwinobwino pamwamba pa mwala. Ikhoza kukhala pomwepo dzinja lonse, mwalawo osaoneka ngakhale kamng'alu. Koma mukainyamula m'mwamba n'kuitsitsa kamodzi kokha, mwala uja utha kugamphuka. Nyundo ndi yomweyo, kulemera kwake n'komweko. Nanga mphamvu yoswa mwalayo yachokera kuti, ndipo ndi yochuluka motani? Funso limeneli linazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka mazanamazana. Lero yankho lake limakwana pa kachigawo kakang'ono ka bolodi, m'chojambula chomwe timachitcha galafu ya mphamvu ndi nthawi.

Ine ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina kuno ku Chitungwiza, tawuni yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumwera kwa Harare. Ndine mdzukulu wa machona: agogo anga aamuna anachoka ku Dedza dziko lino likadali Southern Rhodesia, ndipo sanabwererenso. Chaka chilichonse ndimajambula galafu imeneyi pamaso pa ana a Fomu 5, ndipo ambiri amangoiona ngati msampha wa pamayeso. Ndikufuna ndifotokoze komwe inachokera, njira yomwe inadzera kuti itipeze kuno, ndi chifukwa chomwe munthu aliyense wokwera kombi pa Seke Road akuyenera kudziwa kuiwerenga.

Tiyambe tamvana pa mawu. M'chinenero chathu liwu loti mphamvu limasenza katundu wambiri: pali mphamvu ya mfumu, ya magetsi, ya mankhwala, ya munthu woti wadya n'kukhuta. M'nkhani ino ndikati mphamvu ndikunena chinthu chimodzi chokha, kukankha kapena kukoka, komwe Angerezi amati force, ndipo muyeso wake ndi newton. Chidebe cha madzi cha malita 20 chimapsinja mutu wa wochisenza ndi ma newton pafupifupi 200. Pa galafu yathu, mzere wogona umasonyeza nthawi, woimirira umasonyeza mphamvu. Nyundo isanakhudze mwala, cholembera chimangoyenda pansi penipeni. Ikakhudza, cholembera chimakwera mwadzidzidzi, kufika pansonga, n'kutsikanso nyundo ikamasiyana ndi mwalawo. Chotsala papepala chimaoneka ngati chulu.

Pa chulu chimenechi pali zinthu ziwiri zoti muwerenge. Choyamba ndi msinkhu wake, ndiye kuti mphamvu yaikulu koposa yomwe inafikapo. Imeneyi ndiyo imaswa mwala, dzira kapena fupa. Chachiwiri ndi malo onse omwe ali pansi pa mzere wa chuluwo, omwe ine ndi ana anga asukulu timawatcha munda. Kukula kwa mundawo kumatchedwa impulse, ndipo kumafanana ndendende ndi kusintha kwa momentum, yomwe ndi kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake. Nkhani yonse yagona apa: ngati chinthu cholemera mwakuti, choyenda pa liwiro lakuti, chiyenera kuima, kukula kwa munda kwadziwika kale. Chomwe chatsala n'choti mundawo uoneka motani. Ekala imodzi itha kukhala yaitali ndi yowonda, kapena yaifupi ndi yotambalala, koma ndi ekala imodzi basi. Nthawi ikafupika, chulu chimasanduka phiri losongoka. Nthawi ikatalika, chimaphwa n'kutambalala ngati mulu wa mchenga womwe ana aseweretsa.

Mbiri ya ganizo limeneli ili ndi phazi limodzi mu Africa muno. Aristotle ankaphunzitsa kuti chinthu chimayenda pokhapokha china chikamachikankha, ndipo pofotokoza chifukwa chomwe mwala umapitirira kuuluka utachoka m'dzanja, anati mpweya ndiwo umaukankha. M'zaka za m'ma 500, John Philoponus wa mumzinda wa Alexandria ku Egypt anakana zimenezo. Iye anati dzanja limasiya kanthu kena m'mwalamo, ndipo kanthuko ndiko kamauyendetsa. Ibn Sina wa ku Persia, yemwe anamwalira mu 1037, analikulitsa ganizoli, ndipo m'zaka za m'ma 1300 Jean Buridan wa pa yunivesite ya Paris ankakatchula kanthuko kuti impetus, nanena kuti kamachuluka chinthu chikakhala cholemera komanso chikamathamanga. Ameneyo ndiye gogo wake wa momentum.

Ku Paris komweko, cha m'ma 1350, Nicole Oresme anachita chinthu chomwe lero chimaoneka chapafupi koma panthawiyo chinali chachilendo. Anagoneka nthawi pa mzere, n'kuimika timizere tina pamwamba pake tosonyeza liwiro pa mphindi iliyonse. Anaona kuti kukula kwa chojambula chomwe chatulukacho kukuimira mtunda wonse womwe chinthu chayenda. Galafu yake inali ya liwiro, osati ya mphamvu, koma inatsegula anthu m'maso kuti malo a pansi pa mzere nawo amalankhula.

Funso la nyundo linamugwira Galileo mpaka ukalamba wake. Buku lake lomaliza linasindikizidwa ku Leiden mu 1638, koma gawo lonena za kumenya sanalimalize, ndipo linatuluka mu 1718, iye atamwalira kalekale mu 1642. M'gawolo anaganizira za amisiri omwe amazika mtengo m'nthaka pougwetsera chinthu cholemera pamutu. Anafunsa kuti: kodi ndi katundu wolemera bwanji amene, atangokhazikidwa pamtengopo, angaulowetse pansi mofanana ndi kumenya kumodzi? Yankho linkamuthawa. Mtengo ukamalowa ndipo nthaka ikamalimba, kumenya komweko kunkafanana ndi katundu wolemera kuposa woyamba uja. Anafika poganiza kuti mphamvu ya kumenya ilibe malire. Titati tinene m'chinenero cha galafu, Galileo ankafunafuna msinkhu wa chulu alibe choyezera kufupika kwa nthawi yake.

Amene anabwera pambuyo pake anadzera njira ya kuseri. Poti zochitika mkati mwa kugundana sizinkaoneka ndi maso, anaganiza zoyeza zinthu zisanagundane ndi zitagundana, n'kuwerengera kusiyana kwake. René Descartes anayesa mu 1644, koma malamulo ake ambiri anaphonya chifukwa sanasamale za komwe chinthu chalowera. Mu 1668 bungwe la Royal Society ku London linapempha akatswiri kuti aikonze nkhaniyi, ndipo John Wallis, Christopher Wren ndi Christiaan Huygens anatumiza mayankho awo. Isaac Newton anamanga pa maziko amenewo m'buku lake la Principia la mu 1687. Ana asukulu amaloweza lamulo lake lachiwiri ngati F = ma, koma kalembedwe kameneko kanakhazikika pambuyo pake, makamaka kudzera mwa Leonhard Euler cha m'ma 1750. Newton mwini ananena za kusintha kwa kayendedwe ka chinthu, kuti kumalingana ndi mphamvu yomwe chapatsidwa, ndipo ngakhale mphamvu yokoka mosalekeza, monga yomwe dzuwa limakokera dziko lathu, anayamba waiganizira ngati kugogoda kobwerezabwereza. Anthu anadziwa kuwerengera munda asanachione chulu.

Panabukanso mkangano. Mu 1686 Gottfried Leibniz analemba kuti muyeso weniweni wa chinthu choyenda si kulemera kuchulukitsa ndi liwiro, koma kulemera kuchulukitsa ndi liwiro n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Anthu ophunzira a ku Ulaya anagawikana kwa zaka zoposa 50. Willem 's Gravesande wa ku Leiden anagwetsera mipira yolemera m'dongo lofewa, napeza kuti liwiro likawirikiza kawiri dzenje limakula kanayi, ndipo Émilie du Châtelet anaikira kumbuyo Leibniz m'buku lake la mu 1740. Mu 1745 wansembe wina wa chipani cha Jesuit, Roger Boscovich, mbadwa ya ku Dubrovnik yemwe ankaphunzitsa ku Rome, anasonyeza pojambula kuti mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Mukaimika mphamvu pamwamba pa nthawi, munda umakupatsani momentum. Mukaiimika pamwamba pa mtunda, munda umakupatsani chomwe Leibniz ankanena, chomwe chinadzabala kinetic energy ya m'mabuku a lero. Mafunso anali awiri kuyambira pachiyambi: chinthu chitenga nthawi yaitali bwanji kuti chiime, ndipo chiyenda mtunda wautali bwanji chisanaime? Dalaivala amafunika mayankho onse awiri. Liwiro likawirikiza kawiri, mabuleki omwewo amafuna nthawi yowirikiza kawiri, koma mtunda wowirikiza kanayi.

Komabe magalafu a Boscovich anali a m'mutu. Kuti chulu chenicheni chidzilembe chokha papepala, panafunika zipangizo. Étienne-Jules Marey wa ku Paris, yemwe mu 1878 anatulutsa buku lonena za kulemba mayendedwe a zinthu ndi magalafu, ankaimika anthu pa thabwa loyeza mphamvu n'kuwauza kuti adumphe, singano ikulemba pa pepala lozungulira. Mu 1914 Bertram Hopkinson wa ku Cambridge anapanga njira yogwiritsa ntchito ndodo yachitsulo poyeza momwe mphamvu ya chipolopolo kapena bomba imakwerera ndi kutsikira m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Zipangizo zamagetsi zitabwera, zinaoneka poyera kuti Galileo sanasochere patali. Mphamvu ya kumenya ili ndi malire, koma chitsulo chikakumana ndi mwala nthawi imafupika koopsa. Nyundo ya kilogalamu imodzi yongokhala pamwala imapsinja ndi ma newton pafupifupi 10. Ikamatsika pa liwiro la mamita 5 pa sekondi n'kuima m'gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, imapsinja ndi ma newton 5,000, kufanana ndi matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50.

Nthawi yonseyi, manja a anthu wamba ankazidziwa mbali zonse ziwiri za galafuyi popanda kuijambula. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, anabwera m'dziko lino mu 1949, anayamba kusema miyala ku Tengenenge, ndipo mu 1975, nkhondo ya ufulu itavuta kumeneko, anasamukira ku Chitungwiza kuno, komwe anakhala mpaka imfa yake mu 2011. Iye, monganso osema omwe mungawapeze lero pa Chitungwiza Arts Centre, ankafuna phiri losongoka: nyundo yolimba, tchizulo cholimba, nthawi yaifupi. Mayi wokonola chimanga amafuna zomwezo, n'chifukwa chake mtondo amauimika pa nthaka youma. Atauika pa matiresi, munsi ungamulemetse dzuwa mpaka kulowa mphale osaoneka.

Ena amafuna chulu chophwa. Onani anyamata otsitsa njerwa pa lole: wowakha salimbitsa manja, amawalola kuti atsike nayo njerwayo pang'ono. Goloboyi amaukokera mpira pachifuwa. Mwana wodumpha pamtengo amapinda mawondo. Wogulitsa mazira amawagoneka m'madeya. Onsewa akutalikitsa nthawi kuti msinkhu utsike. Nkhata ya pamutu si ya m'gulu limeneli, chifukwa iyo imamwaza mphamvu pa malo aakulu a mutu, osati pa nthawi yaitali. Anyamata a njerwa aja ali ndi nzeru ina yachiwiri. Akamaponyera njerwa mmisiri yemwe ali pamwamba pa khoma, iye amaiwakha ikafika pomwe yatsala pang'ono kuima n'kuyamba kubwerera pansi. Pamenepo liwiro n'lochepa, choncho munda weniweniwo ndi waung'ono. Pa galafuyi njira zotetezera thupi zilipo ziwiri: kutambalitsa munda, kapena kuuchepetsa kugundana kusanachitike.

Nzeru ya m'manjayi inalowa m'galimoto mochedwa. Hugh DeHaven, wa ku America, anapulumuka ndege yomwe ankaphunzirira itagundana ndi ina mu 1917, ndipo anakana kuti chinali mwayi chabe. Mu 1942 anatulutsa kafukufuku wa anthu omwe anagwa kuchokera pamwamba pa mamita 15 mpaka 45 koma osafa. Anapeza kuti anagwera pa zinthu zomwe zinabonyoka kapena kufewa, monga denga la galimoto kapena nthaka yolimidwa kumene. Pa 10 December 1954, John Stapp, dokotala wa asilikali a m'ndege a ku America, anamangidwa ndi malamba pa ngolo yoyendera maroketi ku Holloman, m'chigawo cha New Mexico. Ngoloyo inafika pa liwiro loposa makilomita 1,000 pa ola n'kuimitsidwa m'masekondi 1.4. Thupi lake linamva mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo 40, maso ake anadzaza magazi, koma anakhala ndi moyo. Ku Germany, Béla Barényi analembetsa mu 1952 luso lopanga galimoto yokhala ndi mphuno ndi mbuyo zomwe zimapindika dala pa ngozi, pakati pokhala anthu pali polimba, ndipo Mercedes-Benz inatulutsa galimoto yotero mu 1959. Chaka chomwecho Volvo inayamba kuika lamba wa pachifuwa ndi m'chiuno wopangidwa ndi Nils Bohlin. Onsewa sanachotse ngakhale kachidutswa pa munda, anangousintha maonekedwe.

Nanga zonsezi zinafika liti kwa ana a kuno? M'badwo wa agogo anga unabwera kudzagwira nyundo, osati kudzaijambula. Ambiri anakwera malole a boma la atsamunda omwe anthu ankangowatcha Ulere, ena analembedwa ndi bungwe lomwe linkadziwika kuti Mthandizi, n'kumwazikira m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury. Ana awo anapeza khomo la sukulu lili lopanikiza. Ndondomeko ya maphunziro ya boma la Ian Smith ya mu 1966 inkafuna kuti mwa ana achikuda omaliza pulayimale, 12.5 peresenti okha apite ku sekondale ya maphunziro a m'mabuku yotchedwa F1, 37.5 peresenti apite ku F2 kukaphunzira ntchito zamanja, ndipo theka lotsalalo lidzionere lokha. Mu 1979 dziko lonse linali ndi masekondale 177. Ufulu utabwera pa 18 April 1980 chiwerengerocho chinakwera mpaka kufika pafupifupi 1,500 pofika 1989. Masukulu ambiri atsopanowo analibe labu ngakhale magetsi, ndipo mu 1981 pa University of Zimbabwe panayambika ntchito yotchedwa ZIM-SCI, yomwe inkatumiza m'masukulu mabokosi a zipangizo zotsika mtengo zoyesera sayansi. Mayeso ankachokera ku Cambridge mpaka bungwe la ZIMSEC, lomwe linayamba ntchito mu 1996, linawatenga pang'onopang'ono. Kuchokera pa Boscovich kufika pa mdzukulu wa tchona wokhala pa desiki ku Zengeza, galafuyi inayenda zaka zoposa 200.

Ikafika m'kalasi, ana amapunthwa pa miyala yomweyomweyo chaka ndi chaka. Ena amaiona ngati chithunzi cha ulendo, n'kumati chinthu chinakwera phiri kenako chinatsika, pomwe chinthucho chinkayenda pa tebulo lathyathyathya. Ena akaona mzere ukutsika amati mpira womwe wamenyedwa wayamba kuchepetsa liwiro. Ayi: malinga ngati mzere uli pamwamba pa ziro, phazi likuukankhabe mpirawo, ndipo liwiro lake lalikulu limafika pomwe mzere wagwera pansi, mpira ukusiyana ndi phazi. Ena ndikawapatsa zulu ziwiri n'kufunsa kuti chapereka liwiro lalikulu n'chiti, amaloza chachitali, osaona kuti chachifupicho chatambalala kwambiri. Mzere ukalowa kunsi kwa ziro, mphamvu yatembenuka, ndipo munda wa kunsiwo umachotseredwa pa wa pamwamba. Chomwe chimawadabwitsa koposa n'chakuti mpira wogunda khoma n'kubwerera umafuna munda waukulu kuposa chibuma cha dothi cholemera chimodzimodzi chomwe changomata pakhomapo, chifukwa khoma liyenera kuuimitsa mpirawo kenako n'kuubweza.

Mankhwala ake ndi kudekha. Ndimawauza kuti ayambe awerenga zomwe zalembedwa pa mizere iwiri ija, aone ngati nthawi ili m'masekondi kapena m'tizigawo ta sekondi, apeze kuti kabokosi kamodzi ka papepala kakuimira zingati, kenako awerenge timabokosi monga momwe munthu amawerengera mizere m'munda mwake, toduka n'kumatiphatikiza tiwiritiwiri. Labu yathu ilibe makina oyeza mphamvu ndi kompyuta, choncho timatuluka panja. Ana awiri amagwira chitenje, chomwe anzathu olankhula Chishona amati zambia, mochilekerera, m'munsi atachipinda ngati thumba. Wachitatu amaponya dzira pachitenjepo ndi mphamvu zake zonse. Dzira silisweka. Dzira lomwelo likagwa kuchokera pa desiki kufika pa simenti, ntchito yatha.

Phunziro lenileni lili kunja kwa mpanda wa sukulu, ndipo nalonso lili ndi mbiri yake. Lamulo la Land Apportionment Act la mu 1930 linagawa dziko lino potengera khungu, ndipo nyumba za antchito achikuda zinkamangidwa kutali ndi kokhala azungu. St Mary's, Seke ndi Zengeza anakula motero, ndipo mu 1978 anaphatikizidwa n'kukhala Chitungwiza: malo ogonako anthu omwe ntchito zawo zili kwina. Kalembera wa mu 2012 anapeza anthu oposa 350,000 kuno. Njanji yolumikiza tawuni ino ndi Harare yakhala ikukambidwa kuyambira zaka za m'ma 1980, koma mpaka lero sinamangidwe. Mu 1993 boma linalola makombi a anthu wamba kunyamula anthu m'matawuni, ndipo m'mawa uliwonse pa Makoni ndi pa Chikwanha anthu amapanikizana anayianayi pa mpando. Phindu la dalaivala ndi hwindi wake, yemwe ku Malawi tingati kondakitala, limadalira kuchuluka kwa maulendo. Mtunda unasankhidwa ndi atsamunda, liwiro likusankhidwa ndi njala, koma munda wa pa galafu umagwera thupi la wokwera.

Tiyeni tiwerengere. Munthu wa makilogalamu 60 ali mu kombi yothamanga makilomita 60 pa ola, omwe ndi mamita pafupifupi 16.7 pa sekondi. Tikachulukitsa ziwirizi tipeza 1,000. Umenewo ndiwo munda wake, ndipo kuti aime uyenera kulipiridwa wonse. Dalaivala akaponda mabuleki bwinobwino kwa masekondi 5, thupi limamva ma newton 200, chidebe cha madzi chija. Munthu amangogwira mpando wakutsogolo n'kupitiriza nkhani. Pa ngozi, ngati mphuno ya galimoto yapindika ndipo lamba wamugwira, kuima kutha kutenga sekondi 0.1, ndipo mphamvu imakhala ma newton 10,000, matumba 20 a chimanga. N'zopweteka, nthiti zitha kuthyoka, koma Stapp anasonyeza kuti thupi lomangidwa bwino limapirira zoposa pamenepo. Popanda lamba, galimoto imaima munthu akupitabe, mpaka akagunde chitsulo cha mpando n'kuima mwina m'sekondi 0.01. Apo mphamvu ndi ma newton 100,000, matumba 200. Ndipo chulu chikakhala chosongoka ngati denga la nyumba, nsonga yake imawirikiza kawiri manambala amenewa. Mwana wa makilogalamu 10 yemwe ali pamiyendo pa mayi ake, pa kuima kwa sekondi 0.1 kuja, amakoka manja a mayiyo ngati matumba atatu a chimanga ndi kuposerapo. Palibe chikondi chomwe chingagwire katundu wotero.

Pa 22 July 2025, thiraki inalowa mbali yomwe si yake pa Seke Road, pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Manyame, womwe ambiri amautchabe Hunyani, n'kugundana ndi kombi. Anthu 17 anamwalira. Sabata imeneyo ana anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani thiraki imamenya mwamphamvu kuposa kombi. Yankho lake ndi lowawa: siimenya mwamphamvu kuposa. Lamulo lachitatu la Newton limati pa mphindi iliyonse mphamvu ya thiraki pa kombi ndi yofanana ndi ya kombi pa thiraki, kungoti zaloza kosiyana. Magalafu awiriwo ndi amodzi, wina atangozondoka, ndipo minda yake ndi yofanana. Kusiyana kuli pa kulemera. Galimoto ya matani 30 ikagundana ndi ya matani 3, liwiro la yaing'onoyo limasintha kuwirikiza ka 10 kuposa la yaikuluyo, ndipo okwera amamva kusintha kwa liwiro la galimoto yomwe alimo. Pali ngozi zina zomwe munda wake ndi waukulu moti palibe lamba kapena mphuno yopindika yomwe ingautambalitse mokwanira. Pamenepo patsala nzeru yachiwiri ya anyamata a njerwa: kuuchepetsa mundawo zinthu zisanakumane, ndi chotchinga cholimba pakati pa msewu, ndi mabuleki oyezedwa, ndi liwiro lochepa, ndi njanji yomwe ingachotse anthu masauzande pamsewupo.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka ndi boma, koma fizikisi timaiphunzitsabe m'Chingerezi. Dalaivala, hwindi ndi mayi wa mwana pamiyendo sadzalemba mayeso a ZIMSEC, chikhalirecho galafuyi ikunena za iwo. Sindikuona chomwe chingatiletse kuwafotokozera m'Chichewa kapena m'Chishona, poti chulu, munda ndi njerwa amazidziwa kale. Akulu anati kuthamanga sikufika, ndipo galafu imangowonjezera kuti ndi mochuluka bwanji. Kombi ikatsika kuchoka pa makilomita 60 kufika pa 40 pa ola, munda wa wokwera aliyense umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mtunda womwe mabuleki amafuna umatsika kupitirira theka. Mwana yemwe waphunzira kuwerenga timabokosi pansi pa mzere atha kuima pa msonkhano wa khonsolo, kapena kulankhula ali pa mpando wa kumbuyo mu kombi, n'kutchula manambala amenewa.